Dzina la Chipwitikizi kwa Mwana Wamkazi: Liziitanika Kuchimuna ndi Kuchikazi Komwe

[Kanyimbo kotsegulira pulogalamu]

Lero tikambirana za kutcha dzina mwana wamkazi m'banja limene kholo lina linakulira m'Chichewa, lina linaphunzira ndi kupemphera m'Chipwitikizi.

Mabanja otere alipo ambiri. Inu amene munayendapo pa msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu mukudziwa kuti pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire: mbali ino ndi Malawi, mbali inayo ndi chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique. Anthu amagulitsana mbatata ndi kabichi, amayenderana pamaliro, amakwatirana. Ndi mmenenso zilili ku Mwanza ndi Zóbuè, ku Muloza ndi Milange, ku Chiponde ndi Mandimba. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ambiri anabwerera kwawo, koma maukwati amene anamangidwa nthawi imeneyo anatsala, ndipo ana obadwa zaka zimenezo lero nawonso ndi makolo. Enanso anakapeza banja ku Johannesburg ndi munthu wa ku Maputo kapena wa ku Angola, ena ku Portugal kwenikweniko.

Tiyerekeze motere. Bambo ndi wa ku Dedza, mayi ndi wa ku Ulónguè m'boma la Angónia. Kwabadwa mwana wamkazi. Mchombo wagwa, mayi ndi khanda atuluka m'chikuta. Akuchimuna akuti, "Uyu ndi woyamba, azakhali ake ndiwo amutche." Akuchikazi akuti, "Kwathu amene adzamuimirire pa ubatizo, amene timati madrinha, ndiye amapereka dzina, ndipo akufuna kuti mwanayu akhale xará wawo." Mawu amenewa amamveka kuti shara, ndipo amanena munthu amene mukufanana naye dzina. Mbali zonse ziwiri zikulankhula chifukwa chokonda mwana. Koma mukapanda kusamala, chikondi chomwecho chimabala mkangano, mpaka mwana kumatha mwezi akungoitanidwa kuti "bebi".

Maganizo anga ndi akuti maina awiriwa sayenera kulimbirana malo, chifukwa ntchito zake n'zosiyana. Dzina la Chichewa kawirikawiri limanena mawu. Tadala, Takondwa, Tiyamike, Pemphero, Mayamiko: aliyense wolimva amadziwa zimene zinali mumtima mwa makolo tsiku limene mwana anabadwa. Dzina la Chipwitikizi kawirikawiri limaloza munthu: woyera mtima wa mu Mpingo, agogo, kapena madrinha uja. Mukafunsa mtsikana wotchedwa Leonor, Matilde, Beatriz kapena Inês tanthauzo la dzina lake, nthawi zambiri adzakuuzani za munthu amene anamutengera dzinalo. Choncho mwana atha kusenza onse awiri bwinobwino. Chofunika n'chakuti onse awiri alembedwe pa pepala, ndipo agogo a mbali zonse azitha kuwatchula.

Tiyambe ndi mmene dzina la Chipwitikizi limamangidwira. Poyamba pamabwera dzina la mwana mwini, limodzi kapena awiri. Kenako pamabwera dzina la banja la mayi, ndipo la banja la bambo limakhala kumapeto. Mwachitsanzo chabe, mwana wathu wa ku Dedza uja atha kulembedwa kuti Amélia Tadala Mbewe Phiri: Amélia la madrinha, Tadala la azakhali, Mbewe la kwa mayi, Phiri la kwa bambo. Kwa ife Achewa, amene mwana timamuwerengera ku mbumba ya mayi ake, dongosolo limeneli silachilendo kwenikweni. Atsibweni a mwanayo sangadandaule poona mfunda wa kwawo uli pa chiphaso. Ku Mozambique kulinso chizolowezi china, choika dzina loyamba la bambo pakati. Samora Moisés Machel anatenga Moisés kwa bambo ake, ndipo mkazi amene anakwatirana naye pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu anabadwa ali Josina Abiatar Muthemba, Abiatar kukhala dzina la bambo ake. Ndiye funsani akuchikazi kuti kwawo amatsata njira iti.

Inu amene mwana wanu adzalembetsedwe ku Portugal, dziwani kuti kumeneko nkhaniyi ili ndi lamulo. Dzina lonse lisapitirire mawu 6, awiri a mwana mwini ndi anayi a mabanja. Bungwe loona za kalembera la Instituto dos Registos e do Notariado limasunga mndandanda wa maina ovomerezeka. Koma musaope, pakuti lamulo lomwelo limalola dzina lachilendo ngati mwanayo anabadwira kunja, kapena ngati iye kapena kholo lake lili ndi unzika wa dziko lina. Tadala wanu ali nawo malo ngakhale ku Lisbon.

[Kanyimbo kakafupi]

Tsopano tibwere ku maina enieniwo. Sitingayambe ndi lina kusiya Maria. Ku Portugal dzina limeneli lakhala patsogolo pa maina a atsikana kwa zaka zambirimbiri, ndipo kawirikawiri siliyenda lokha. Kuli Maria da Graça, Maria da Luz, Maria do Céu, Maria da Paz, Maria de Lurdes, Maria da Conceição. Onsewa ndi maina olemekezera Amayi Maria, amayi a Yesu. Popeza a Maria amachuluka pamudzi, munthu amaitanidwa ndi chigawo chachiwiricho. Mukukumbukira katswiri wothamanga uja amene anapata mendulo ya golide pa mtunda wa mamita 800 pa masewera a Olympics a ku Sydney mu 2000? Mawailesi a Chingerezi ankamutcha Maria Mutola, koma kwawo ku Mozambique ndi Lurdes Mutola, chifukwa dzina lake ndi Maria de Lurdes. Ndiye mukamutcha mwana Maria da Luz, dziwiranitu kuti akuchikazi azimuitana Luz pamene akuchimuna azimuitana Maliya. Palinso china chimene chimasokoneza alembi a kuno kwathu. Maria José ndi Maria João ndi maina a akazi ngakhale José ndi João ndi maina a amuna, pamene José Maria ndi mwamuna. Dzina loyambalo ndilo limasonyeza.

Dzina limene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi Fátima. Fátima ndi tauni ya ku Portugal kumene Akatolika amakhulupirira kuti Amayi Maria anaonekera kwa ana atatu oweta nkhosa, Lúcia, Francisco ndi Jacinta, kuyambira pa 13 Meyi 1917. Kuchokera pamenepo atsikana ambiri anatchedwa Maria de Fátima, ndipo dzinali linafika mpaka kuno: m'boma la Nsanje muli dera limene anthu amalitcha Fatima. Koma dzinali ndi lachiarabu, ndipo Fatima anali mwana wamkazi wa Mtumiki Muhammad. Taganizani tsono za banja la ku Mangochi kapena ku Mandimba, kumene bambo ndi Msilamu ndipo mayi anakulira mu Katolika. Agogo a kumzikiti akamva dzinali amakumbukira mwana wa Mtumiki, agogo a kutchalitchi amakumbukira Amayi Maria, ndipo palibe amene akuona ngati walandidwa mdzukulu. Maina otha kuchita zimenezi ndi ochepa kwambiri.

Alipo maina ena a Chipwitikizi amene amanena mawu monga athu. Graça ndiye Chisomo, Esperança ndiye Chiyembekezo, Felicidade ndiye Chimwemwe, Luz ndi kuwala, Paz ndi mtendere, Vitória ndi kupambana. Makolo ena amakonda kuphatikiza dzina ndi mnzake wofanana naye tanthauzo, monga Graça Chisomo, kuti mbali iliyonse izimva m'chilankhulo chake. Si kulakwa. Koma ine ndimaona kuti mukatero mwawononga mpata, chifukwa mwanena chinthu chimodzi kawiri. Ngati munadikira mwana kwa zaka zambiri, Esperança Tadala likunena nkhani yonse: munali kuyembekezera, ndipo tsopano mwadala. Chenjeraninso ndi dzina lokoma m'makutu musanafunse tanthauzo lake. Dores, lochokera ku Maria das Dores, limanena zowawa, kukumbukira chisoni cha Amayi Maria pa imfa ya mwana wawo. Kwa Mkatolika wodzipereka ndi dzina la ulemu waukulu. Koma banja limene linagwirizana zoleka maina monga Mavuto ndi Masautso liyenera kudziwa chimene likusankha.

Ena amasankha potengera amayi otchuka, ndipo Mozambique ili nawo. Graça Machel, amene anabadwa ali Graça Simbine, anakhala nduna ya maphunziro dzikolo litangolandira ufulu mu 1975. Josina Machel anamwalira ali wamng'ono pa 7 Epulo 1971, ndipo tsiku limeneli ndilo Tsiku la Amayi a ku Mozambique mpaka lero. Luísa Diogo, wa m'chigawo cha Tete chomwechi, anali nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010. Paulina Chiziane, mlembi wa mabuku, analandira mphoto ya Camões mu 2021. Tamverani maina ngati Graça Simbine, Josina Muthemba, Paulina Chiziane. Loyamba ndi la Chipwitikizi, lotsiriza ndi la kumudzi, ndipo akhala akuyenda limodzi moteremu kuyambira kale.

[Kanyimbo kakafupi]

Pali funso limene akuluakulu ena amafunsa, ndipo siliyenera kunyozedwa: "Bwanji mukumupatsa mwana dzina la atsamunda?" Funsoli lili ndi pochokera. Pa ulamuliro wa Apwitikizi, mpaka 1961, lamulo linkagawa anthu. Ambiri ankatchedwa indígenas, ndipo ochepa okha, amene asonyeza kuti amalankhula Chipwitikizi ndipo asiya miyambo ya makolo, ndiwo ankalandiridwa ngati assimilados. Pangano la mu 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican linatsegula njira yoti maphunziro a ana achikuda akhale m'manja mwa mishoni za Katolika. Pa mishoni ngati Lifidzi ku Angónia kapena Boroma kufupi ndi Tete, mwana ankabatizidwa ndi dzina la woyera mtima, ndipo limenelo ndilo linkalowa m'kaundula. Dzina limene agogo anamutcha potuluka m'chikuta linkatsala kumudzi. Linkamveka kumtondo ndi kuchitsime, koma pa pepala panalibe. Agogowo akamwalira, ndipo mwiniwake akasamukira kutauni, dzinalo linkafa. Lero alipo adzukulu amene sadziwa kuti agogo awo a Maria analinso ndi dzina lina.

N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti dzina la Chichewa lilembedwe. Musanene kuti, "La Chipwitikizi likhale la kusukulu, la Chichewa likhale la pakhomo." Zimenezo n'zimene zinachitikira makolo athu mokakamizidwa, ndipo ife sitiyenera kuzibwereza mwa kufuna kwathu.

Komanso inu akuchimuna, mverani mpongozi wanu. Kwa iye Chipwitikizi si chinthu chobwereka. Ndicho chilankhulo cha boma la kwawo kuyambira pa ufulu wa pa 25 Juni 1975, ndicho anaphunziriramo kuwerenga, ndipo Amélia kapena Celeste ndi dzina la mayi ake omubereka. Akamapempha dzina limeneli akupempha kuti mayi ake akumbukiridwe m'nyumba imene iye anakwatiwamo, kutali ndi kwawo. Ifenso tili ndi a Grace, a Mercy ndi a Agness m'midzi yathu, ndipo palibe amene amawayesa alendo.

Mukagwirizana zimenezi, dzinalo liyeseni pakamwa. Chichewa chili ndi chikhalidwe chake: mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo l ndi r timazisinthanitsa osazindikira. Mawu a Chipwitikizi amene analowa m'chilankhulo chathu kalekale anasintha motero. Chapéu inasanduka chipewa, carta inasanduka kalata, sapato inasanduka nsapato. Dzina la mwana wanu nalonso lidzasintha likafika pakamwa pa agogo. Beatriz adzakhala Biyatirisi, Inês adzakhala Inesi, Isabel adzakhala Izabelo, Rita adzakhala Lita. Maina othera pa a amadutsa mosavuta: Amélia, Lúcia, Joana, Helena, Rosa, Marta, Paulina, Celina. Ovuta ndi aja a mawu otulukira m'mphuno, monga Conceição ndi Assunção, komanso okhala ndi zilembo za l ndi h pamodzi, monga Guilhermina. Koma n ndi h zikakhala pamodzi musade nkhawa, ndi ny wathu yemweyu. Rosinha, kutanthauza ka Rosa kakang'ono, amamveka kuti Rozinya.

Funsaninso chidule cha dzinalo, pakuti olankhula Chipwitikizi amakonda kudula maina. Conceição amasanduka São, Francisca amasanduka Chica, lomveka kuti Shika, ndipo Beatriz amasanduka Bia. Kwa iwo Bia ndi kadzina kachikondi. Koma pabwalo la sukulu ya pulayimale ku Ntcheu, anzake adzamva biya, mowa, ndipo ana sachedwa kupeza chosekera mnzawo. Dzinalo palokha ndi labwino, kungoti makolo adziwiretu kuti asankhe chidule china.

Mayesowa achitikenso mbali inayo, chifukwa nawonso amavutika ndi maina athu. M'Chipwitikizi c ndi h zikakhala pamodzi zimamveka sh, ndipo s wokhala pakati pa mavawelo amamveka z. Mphunzitsi wa ku Beira kapena ku Lisbon poitana maina m'kalasi, Chisomo adzamuwerenga Shizomu, Chikondi adzamuwerenga Shikondi. Mphatso ndi Nthambi adzamupunthwitsa, ndipo p ndi h wa mu Phiri ena amamuwerenga ngati f. Abale a ku Angónia sangavutike, poti Chichewa ndi chawo chomwe. Koma ngati mwanayo adzakulira ku Maputo kapena ku Portugal, maina ngati Tadala, Tamanda ndi Dalitso adzamupeputsira moyo.

Njira yake ndi yapafupi. Musanalembe paliponse, muuzeni dzinalo agogo akuchimuna, muwapemphe aliitane mokweza monga aitanira mwana amene ali kuseri kwa nkhokwe. Kenako imbirani foni agogo akuchikazi, nawonso aliitane. Mvetserani nonse awiri, bambo ndi mayi. Sizidzamveka chimodzimodzi, ndipo zimenezo si vuto. Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti kodi zonse ziwirizo mukuzikonda, ndipo kodi mwana adzazindikira kuti akuitanidwa ndi iye. Ngati agogo ena akuchita manyazi kulitchula, adzapeka lawolawo, ndipo limene munasankha lija lidzangokhala la m'mabuku.

[Kanyimbo kakafupi]

Tatsala ndi nkhani ya mapepala, imene imaliza anthu ambiri patapita zaka. Chipwitikizi chili ndi tizizindikiro pa zilembo. Mu dzina la Graça muli c wokhala ndi kamchira pansi, ndipo kamchira kameneko ndiko kamachititsa kuti amveke ngati s. Mlembi wa kuno akakasiya, dzina limasanduka Graca, ndipo owerenga amati Graka. Esperança amasanduka Esperanka. Kamzere kokhala pamwamba pa chilembo, monga mu Lúcia ndi Fátima, kamasonyeza pamene liwu likutsamira. Ife timakonda kutsamira pa chigawo chachiwiri kuchokera kumapeto, pamene iwo mu Fátima amatsamira pa Fa. Makompyuta a m'maofesi ena salandira tizizindikiro timeneti, ndipo pa mizere iwiri ya pansi pa pasipoti, imene makina amawerenga, sitilembedwa m'dziko lililonse. Ngati mwana adzakhala kuno nthawi yambiri, ganizirani ngati dzinalo likumvekabe bwino kamchira kataduka. Luísa, Amélia ndi Lúcia sawonongeka. Graça ndi Conceição amawonongeka.

Choopsa kwambiri ndi kusiyana kwa kalembedwe. Dzina limodzi lomweli, kusikelo alemba Teleza, kutchalitchi Teresa, kusukulu Theresa, kutsidya Tereza. Mwana mmodzi wasanduka anthu anayi. Kutsidyako nawonso mlembi amalemba monga mwa Chipwitikizi. Onani mmene analembera maina a malo: Ulongwe ndi Ulónguè, Zobwe ndi Zóbuè, Nyasa ndi Niassa. Mukangomutchulira pakamwa, Takondwa akhoza kulembedwa Tacondua, Mwale n'kukhala Muale, Phiri n'kutaya h wake. Ndiye pali maina a mabanja aja. Mafomu ambiri a kuno ali ndi malo a dzina limodzi la bambo, pamene mwana wanu ali ndi awiri. Mlembi wina adzatenga Mbewe, wina adzatenga Phiri. Zimenezi zimaoneka zazing'ono mwana ali kumsana. Zimadzaonekera polembetsa mayeso a Sitandade 8, pofuna pasipoti, potsegula akaunti kubanki, kapena pokalandira chuma cha masiye kutsidya, pamene wina akuti, "Uyu si munthu mmodzi."

Ku Malawi lamulo la kalembera la mu 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masabata 6 chibadwire, kudzera ku National Registration Bureau. Masabata amenewa ndi okwanira kuti mchombo ugwe, azakhali afike, madrinha afunsidwe, ndipo agogo onse ayese kuitana. Ku Mozambique kalembera wa ana amachitikira ku ofesi yotchedwa Conservatória do Registo Civil, ndipo zimene zalembedwa kumeneko n'zimene zimadzapita pa chitupa chimene iwo amati BI. Popeza Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, ana ambiri a m'mabanja otere azidzakhala ndi mapepala a mbali ziwiri, ndipo mapepalawo ayenera kunena zofanana.

Choncho chitani izi. Kholo limene limadziwa Chipwitikizi lilembe dzina la Chipwitikizi, limene limadziwa Chichewa lilembe la Chichewa, pa pepala limodzi, ndi zilembo zazikuluzikulu, m'ndondomeko imene mwagwirizana. Gwirizananinso kuti pa fomu ya malo amodzi mudzalemba dzina la banja liti. Namwino akakufunsani dzina kuchipatala musanamalize kukambirana, musatchule longoganizira pomwepo kuti kabuku kadzadzidwe. Pepala lija ndilo mupereke kwa mlembi, osati kumutchulira pakamwa, ndipo akamaliza muwerenge chilembo ndi chilembo musanasaine kapena kudinda chala. Ngati simutha kuwerenga, tengani wachibale amene amatha. Chiphaso choyamba chikatuluka, chimenecho ndicho muzinyamula popita kwa abambo mfumu kukalembetsa ubatizo, popita kutsidya, ndiponso tsiku lokamuyambitsa Sitandade 1.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

[Kanyimbo kotsekera pulogalamu]